Sopo Wanga, Khungu la Kadona

Lachiwiri, 4 Juni

Andigoneka. Chibayo, mapapo onse awiri, koma lakumanja ndilo lanyanya. Thupi latentha kufika 39.6. Andiika timachubu ta okosijeni m'mphuno ndi dilipi pamkono wamanzere. Wamanja ndakana: ndine telala, mkono umenewo ndiwo umatidyetsa.

Ndikulemba chifukwa madokotala muno amasinthana ngati makondakitala a basi, ndipo aliyense akufuna ndimuyambire nkhani yanga pachiyambi pamene mpweya ukundiperewera. Nayi mwachidule. Thupi langa silipanga asilikali okwanira olimbana ndi matenda. Vutoli n'losowa, moti odziwika pachipatala chino tilipo atatu okha. Mwezi uliwonse amandithira m'mitsempha asilikali otengedwa m'magazi a anthu ena. Ine ndimawatcha aganyu, chifukwa amagwira bwino milungu itatu, wachinayi ayamba kuzemba. Chibayochi chandipeza mlungu wachinayi.

Kadokotala kachinyamata kamene kanandilandira, katangomva zoti chitetezo changa n'chochepa, kanatsitsa mawu n'kundifunsa ngati ndinayezetsapo magazi.

"Kambirimbiri, adokotala," ndinakayankha. "Kachilombo ndilibe. Yezaninso ngati zida zakuchulukirani. Koma lankhulani mokweza, matenda si umbava."

Kunyumba ndasiya Kadona, mwana wanga mmodzi yekhayo, wa zaka zisanu, ndi chikanga chake cha thupi lonse. Chiyambireni vutoli palibe wina anamukulungapo mabandeji madzulo kupatula ine. Zimenezi zikundipweteka kuposa nthiti.

Lachitatu, 5 Juni

39.1. Mankhwala a m'dilipi kanayi pa tsiku. Atenga makhololo ndi magazi kukayeza.

Pabedi loyandikana nane pali mayi a shuga, chilonda chili kuphazi. Wodi yonse imawatcha a Wailesi, chifukwa amatsegula m'mamawa n'kudzatseka magetsi akazima, ndipo batani lochepetsera mawu linathyoka kalekale. Andiuza kale mankhwala atatu a chikanga: mafuta a injini, phulusa, ndi m'busa wina wa kumsika. Ndawathokoza n'kuwauza kuti mwana wanga si galimoto.

Masana ndaimbira bambo a Kadona n'kuwauza atenge cholembera. Iwo ndi okonza mafiliji, manja awo anazolowera sipanala, koma mtima ali nawo. Ndawauza motere: madzi akhale ofunda pang'ono, osathiramo sopo wamtundu uliwonse. Akatuluka m'beseni amupukute mosindikiza tawulo, osakhula. Mankhwala a m'kachubu apake pamene pafiira pokha, kuseri kwa mawondo, m'zigongono ndi m'khosi. Kenako mafuta oyera aja a m'chitini, thupi lonse, mosaumira, mpaka mwana achite kupulumuka m'manja. Pamwamba pake bandeji yonyowa, kenako youma. Pomaliza zovala zogonera zimene ndinasoka ndekha, zamsoko kunja, zamanja otseka kuti asadzikande.

"Zonsezi tsiku lililonse?" anafunsa.

"Mumaganiza kuti tikatseka chitseko cha bafa timakhala tikudya masiwiti?"

Anaseka, koma ndinamva kuti akuchita mantha.

Dzina loti Kadona tinamupatsa chifukwa nyumba yonse imayendera nthawi yake. Ngakhale kasitomala atabwera ndi diresi laukwati, ikakwana nthawi ya mafuta amadikira pakhonde. Ndipo m'bafa mwathu muli maboma awiri. Kumanzere kwa shelufu kuli botolo langa la sopo wofiira wophera tizilombo, amene chipatala chinandipatsa kuti ndizisambira m'manja ndi pamene patuluka chithupsa. Boma limenelo limati khulani chilichonse. Kumanja kuli chitini cha mafuta a Kadona, ndipo boma lake limati sopo asayandikire n'komwe. Zaka zonsezi malire ndimalondera ndine.

Lachinayi, 6 Juni

39.4. Ndasanza phala. Mkono watupa, dilipi aisamutsira kuseri kwa dzanja.

Sindifa mlungu uno. Ndauza Sisita wamkulu wa wodi kuti alembe zimenezo pakhadi langa. Andiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti ndiyambe ndamaliza tiyi.

Lachisanu, 7 Juni

38.5. Ndakhala tsonga.

Dokotala wanga wa chitetezo wabwera ndi zotsatira. Ndi bambo wamtali, wosapita m'mbali, ndipo ndimamukonda chifukwa cha chimenecho. Akuti tizilombo timene apeza m'makhololo ndi m'magazi si ta chimfine wamba, ndi timene timakonda kukhala pakhungu, makamaka pakhungu long'ambika. Ndiye anafunsa ngati kunyumba kuli wina wa zilonda.

Tsoka lake, pampando wa alendo panali alamu anga, achemwali awo a bambo a Kadona, amene abwera dzulo kudzathandiza pakhomo. Iwo ndi mphunzitsi wamkulu pasukulu, ndipo funso likafunsidwa salola kuti ligone.

"Kuli mwana, adokotala. Thupi lonse zilonda zokhazokha. Ndipo mayi akewa amamugwira ndi manja tsiku lililonse."

"Si zilonda zokhazokha," ndinatero. "Ndi chikanga, ndipo chinali chitagonja mpaka kuzizira kuno kutayamba."

Dokotala wati mwana abwere naye kuchipinda choyezera, akapukute pakhungu ndi kathonje, aone ngati tizilombo take ndi tofanana ndi tanga. Wasinthanso mankhwala anga. Madzulo andichotsa m'wodi yaikulu n'kundiika m'kachipinda kandekha. Wolowa asambe m'manja ndi kuvala masiki. Ana osalowa.

A Wailesi anandiperekeza mpaka pakhomo akutsimphina. Akuti ndisadandaule, nkhani zonse azindikuwira kuchokera m'khonde.

Lamlungu, 9 Juni

37.9. Okosijeni achepetsa.

Nthawi ya alendo abwera bambo a Kadona ndi alamu. Alamu abweretsa mpunga, nkhuku yowiritsa ndi malalanje. Nkhukuyo inali yokoma, chilungamo ndinene. Nditadya chiwalo chimodzi ndinazindikira kuti inali nyambo.

"Mlamu, takhala tikuganiza," anayamba, akukonzakonza masiki. "Kwathu kuli malo. Chipinda chilipo, sukulu ili pakhomo pomwepo. Kadona akakhale nane mpaka khungu lake litapola, inu mupeze mpata wochira. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Kwawoko ndi ulendo wa tsiku lathunthu pabasi.

"Chikanga sichipola ngati bala la mpeni, alamu. Chimagona n'kudzuka. Mukuti mpaka chitapola, ndiye kuti mpaka atamera mabere?"

"Nanga tichite bwanji? Tizikuonererani mukulowa ndi kutuluka muno?"

Ndinayang'ana bambo a Kadona. Iwo anali akuwerenga chikalata chophunzitsa kusamba m'manja chimene chili pakhoma, ngati mawa alemba mayeso ake.

"Bambo a Kadona, inu mukuti bwanji?"

"Tingomva kaye za adokotala," anatero chapansipansi.

Ndawauza onse awiri kuti mwana wanga sapita kulikonse, ndipo nkhuku yotsalayo apatse a Wailesi. Atachoka ndinalira, kenako ndinapsa mtima chifukwa kulira kumandiyambitsa chifuwa.

Lolemba, 10 Juni

37.6. Lero aganyu alowa. Mabotolo anayi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pabotolo lachiwiri ndinayamba kunjenjemera ndi kumva mutu, Sisita anachepetsa liwiro n'kundipatsa panado ndi bulangete lina. Zinadutsa.

Madzulo ndalankhula ndi Kadona pafoni ya vidiyo. Nkhope yake sindinaikonde. Masaya ali psuu, zikope zatupa, m'khosi mukunyezimira ngati mwanyowa.

"Ukudzikanda, iwe?"

"Ayi, amami. Ndikulimba mtima."

"Kulimba mtima pa chiyani?"

Anangoyang'ana kumbali kumene kunali bambo ake, n'kunena kuti wajambula nyumba ya mawindo asanu ndi limodzi.

Bambo ake akulumbira kuti akutsata zonse zimene analemba, mabandeji akunyowetsa, mankhwala akupaka. Akuti mwina n'kuzizira, mwina n'kundisowa. Mwinadi. Koma khungu limenelo ndalisamala zaka zinayi, ndimaliwerenga kuposa tepi yanga yoyezera. Kuzizira kumaliumitsa n'kuling'amba. Uku n'kupsa.

Lachiwiri, 11 Juni

37.3. Timachubu ta m'mphuno achotsa. Ndayenda kufika pazenera n'kubwerera popanda kugwira khoma.

Zotsatira za Kadona zatuluka. Tizilombo ndi tomwetomweto.

Ndinafunsa dokotala kuti anene mosabisa ngati akufuna ndipereke mwana.

"Mayi, ine si woweruza milandu ya mabanja," anatero. "Changa ndi mapapo anu. Chibayo ichi n'chachiwiri chaka chino, ndipo chilichonse chimasiya chipsera. Chachitatu sindikudziwa kuti chidzakusiyani bwanji."

"Ndiye ndichiritseni ine ndi mwana yemwe. Tonse tili ndi makhadi pachipatala chomwechino."

"Za khungu si mbali yanga."

"Kunyumba kwanga mbali zonse ziwiri zimagona chipinda chimodzi, adokotala."

Analemba kenakake. Alamu atumiza uthenga kuti Loweruka akuluakulu a banja akhala pansi kukambirana za mwana. Akhala pansi kunyumba kwanga, pamipando imene ndinasokera nsalu ndine, ine mwini ndili pa dilipi. Ndawayankha kuti nkhani ya mwana wanga ikakambidwa kumene kulibe ine, ndidzaimva ngati nkhani ya pawailesi basi.

Bambo a Kadona akuti mwana wang'amba dzanja la chovala chogonera. Ndawauza abwere nacho mawa pamodzi ndi singano ndi ulusi, manja anga akuyabwa kusowa chochita.

Lachitatu, 12 Juni

Ndilembe bwinobwino zimene zachitika lero.

Bambo a Kadona anafika masana ndi kajumbo. Sisita anati chovalacho ndichigwire nditavala magolovesi, ndinavala. Nditangomasula jumbo, fungo linandimenya ngakhale ndinali ndi masiki. Si fungo la mafuta a Kadona, amene sanunkhira kanthu. Linali fungo la sopo wanga wofiira. Ndinatembenuza chovalacho, ndipo m'khosi ndi m'khwapa munali mawanga ofiirira osakanikirana ndi mafinya ouma.

"Mwachapira chiyani chovalachi?"

"Madzi okha, monga munanenera."

"Nanga sopo wanga wafikamo bwanji?"

Anakhala pampando.

"Anapempha yekha, mayi a Kadona."

"Ndani?"

"Mwana. Lachisanu lija achemwali atabwerako kuno, ankauza anthu pafoni kuti tizilombo ta pakhungu la mwana ndito tagonetsa mayi ake. Sitinadziwe kuti ali kuseri kwa chitseko. Nthawi yosamba itakwana anakwera pampando, n'kutsitsa botolo lanu. Akuti, 'Adadi, ndisambitseni ndi sopo wa amami kuti ndiyere, akandilole kukawaona.'"

"Inu n'kuvomera."

"Ndinati paja sopoyo ndi wachipatala, ntchito yake n'kupha tizilombo tomweto. Ndinati tikatipha, nkhani yoti apite kwa achemwali ithera pomwepo. Ndimafuna kukuthandizani."

"Kangati?"

"M'mawa ndi madzulo."

"Pakhungu losupuka lija? Sankalira?"

"Ankaluma tawulo. Ndikafuna kusiya ankati ndipitirize, sanayerebe." Kenako anawonjezera: "Ndipo kuyambira Lolemba mafuta akukana. Akuti amamudetsa."

Pakabati panali kapu ya tiyi, ndipo dzanja langa linaifika. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Munthu amene ndimafuna kumugenda ndi yemweyo amene ndimafuna kuti athamange kukatenga mwana. Ndinangowauza kuti safunsa anadya phula, koma phula ili wadya ndi mwana wanga. Ndinawauza akamutenge tsopano lino, osadikira mawa, abwere naye kuno kwa dokotala wa ana, ndipo botolo lofiira alikhomere m'bokosi la zitsulo zawo.

Anatuluka akuthamanga, anaiwala ndi chipewa chomwe. Chovala ndachisoka. Ulusi unandivuta kulowetsa m'singano chifukwa maso samaona bwino.

Lachinayi, 13 Juni

Ine 37.1. Kadona 39.0.

Amugoneka. Wodi ya ana ili pansi pa yathu ino, masitepe ochepa chabe. Khungu lasupuka m'khosi, pamsana ndi kuseri kwa mawondo, likuchucha madzi, ndipo tizilombo timene ankafuna kupha tapeza khomo lotsegula. Amuika dilipi. Alamu ndiwo akumudikirira.

Ndinavala masilipasi kuti nditsike. Sisita anaima pakhomo, ndipo ndi mayi wodzaza khomo.

"Mukupita kuti, mayi?"

"Kwa mwana wanga."

"Kuwodi ya ana kuli chikuku, kuli chifuwa, kuli kutsegula m'mimba. Inu mukalowa kumeneko ndidzakulandirani pamachira."

"Ndiye konzani machirawo."

"Khalani pansi. Ndikaonako ine, ndibwera kudzakuuzani zoona zokhazokha."

Anapitadi. Akuti manesi akayesa kumupaka mafuta amakuwa mpaka wodi yonse kudzuka, amadzipinda ngati bongololo. Mabandeji onyowa palibe wawayesa, ambiri kumeneko sanawaonepo. Akuti mwanayo akufunsa aliyense wovala zoyera ngati wayera tsopano.

Ndadya chakudya chonse cha madzulo, ngakhale kabichi wawo wopanda mchere. Ndikufuna mphamvu zokanganira mawa.

Lachisanu, 14 Juni

36.9. Magazi akusonyeza kuti tizilombo tagonja. Mankhwala a m'dilipi apitirira masiku ena asanu.

Dokotala atalowa ndinamuuza kuti sindiyankha funso lililonse, ngakhale loti ndagona bwanji, mpaka ataitana dokotala wa khungu amene amaona Kadona, adzaime pano onse awiri. Anati dokotala wa khungu ali ndi mzere wake wa odwala. Ndinati ine ndili ndi tsiku lonse. Ndinatseka pakamwa n'kuyang'ana kudenga. A Wailesi, amene anali pakhomo ndi ndodo yawo, anauza dokotala kuti iwo sangakwanitse zimenezo ngakhale atawalonjeza phazi latsopano.

Cha m'ma 2 koloko anabwera onse awiri. Dokotala wa khungu ndi mayi wamfupi wolankhula mofulumira. Zaka zinayi akuona mwana wanga, wamtaliyu zaka zisanu ndi chimodzi akuona ine, m'nyumba imodzi yomweyi, ndipo lero ndi pamene apatsana moni pa nkhani yathu. Mayiyo sankadziwa kuti ndine wa aganyu. Bamboyo sankadziwa kuti chikanga chikasamalidwa bwino tizilombo timachepa tokha.

Zimene agwirizana ndi izi. Kadona amalize mankhwala ake, ndipo mafuta ndi mabandeji abwerere msanga, chifukwa khungu likatsekeka tizilombo timasowa pokhala. Tonse a m'nyumba atiyeze m'mphuno, ndipo tipake mankhwala a m'mphuno masiku asanu nthawi imodzi, kuti tisamapatsirane mobwerezabwereza. Aliyense tawulo lake. Chikanga chikachucha ndizimugwira ndi magolovesi ndi masiki, ndipo munthu wachiwiri aphunzire kukulunga kuti ine ndikadwala ntchito isaime. Aganyu anga azilowa pa milungu itatu, asanayambe kuzemba.

"Zimenezi zichepetsa ngozi," anatero wamtali. "Sizithetsa. Mumve bwino pamenepo."

"Ndamva. Nanga kutsika pansipo?"

Anakana. Wa khungu anati mwana akapitiriza kukana mafuta mankhwala a m'dilipi okha sathandiza, ndipo pali munthu mmodzi yekha amene angamumvere. Anakangana Chingerezi chawo pamaso panga. Pomaliza wamtali anati mawa, akamusamutsira Kadona m'kachipinda kayekha, nditsike nditavala gawuni, masiki ndi magolovesi. Theka la ola, osapitirira. Kumunyamula pokhapokha atakulungidwa thupi lonse.

Ndinamuuza kuti ndagona bwino, zikomo pofunsa.

Loweruka, 15 Juni

36.8.

Akuluakulu aja sanakhale pansi kunyumba kwanga. Bambo a Kadona anawaimbira okha kuti asavutike ndi ulendo, nkhaniyi tiikamba atatu. Ndiye m'mawa analowa iwo ndi alamu, onse m'mamasiki. Alamu maso anali ofiira. Agona masiku awiri pampando pambali pa mwana, ndipo adziwa kale kuti mawu amene anatsitsa botolo lija anali awo.

Komabe sanabwerere m'mbuyo, ndipo ndikuwalemekeza pa chimenecho.

"Mlamu, ndinalakwa kulankhula mwana ali pafupi, ndipo zikundidya," anatero. "Koma maganizo anga sanasinthe. Mwana wopita kwa azakhali ake amabwerako. Mayi wopita kumanda sabwerako. Ine sindikukulandani mwana, ndikufuna adzakule akukuonani."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa ndi omwe ndimadziuza ndekha chifuwa chikandigwira. Ndinawauza zonse zimene madokotala anagwirizana, osabisa ndi zoti ngozi siitha. Kenako ndinawafunsa funso limodzi.

"Alamu, mwana uyu waluma tawulo masiku asanu kuti ayere adzandione. Mukamukweza basi, mukamuuza kuti akupita chifukwa chiyani? Mungamuuze za sukulu, mungamuuze za chipinda chokongola. Iye mumtima mwake adzati sanayere mokwanira. Ndipo kwanuko sopo aliko."



"Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo," ndinapitiriza. "Mayi ake ndi ine, wa mapapo a zipsera yemweyu. Ngati mukufuna kutithandiza, tengani tchuthi mukhale nafe mwezi umodzi. Akufunika munthu wachiwiri wodziwa mabandeji, ndipo bambo akewa ndawachotsa ntchito."

"Mwana sapita, achemwali," anatero bambo a Kadona. Anachedwa nawo mawuwo mlungu wathunthu, koma anafika.

Alamu sananene kuti avomera. Anangofunsa kuti madzi a mabandeji amakhala ofunda bwanji.

Masana Sisita anandiveka gawuni yobiriwira, masiki ndi magolovesi, n'kubwera ndi njinga ya odwala. Pa njinga ndinagonja, mpweya wokanganira zinthu ziwiri ndinalibe.

Kachipinda ka Kadona kali kumapeto kwa khonde. Ndinamupeza atakhala pakona pa bedi, kadzanja ka dilipi atakagoneka pa pilo, masaya ndi khosi zili ndi nkhanambo zachikasu. Anandizindikira maso okha. Ndinkaganiza kuti adumpha. Iye anakoka nsalu mpaka m'khosi n'kusendera kukhoma.

"Musandigwire, amami. Sindinayerebe."

Ndinakhala m'mphepete mwa bedi n'kutsegula chitini cha mafuta.

"Ndani anakuuza kuti wada?"

"Ndili ndi tizilombo."

"Adadi ako ali nato m'mphuno. Azakhali ako ali nato. Sisita awa, ndi ukulu wawo wonsewu, ali nato."

"Zoona," anatero Sisita. "Tambiri."

"Aliyense ali nato, Kadona. Kungoti anthu ena ali ndi asilikali otithamangitsa, ine anga ndi aulesi. Vuto lili mwa ine, ndinabadwa nalo iwe kulibe. Iwe sunade. Khungu lako lili ndi ludzu basi, ndipo sopo uja amaliwonjezera ludzu. Bweretsa mwendo."

Anandiyang'ana, kenako kaphazi kanatuluka pansi pa nsalu.

Ndinayambira pamenepo. Alamu anagwira beseni n'kumafinya mabandeji, ine ndikuwauza kuti asafinye kwambiri, asiye madzi pang'ono. Magolovesi amaterera ndi mafuta ndipo zala sizimva bwino pamene khungu lakhakhala, koma njira ndimaidziwa ngakhale nditatsinzina. Kuseri kwa mawondo analira, koma sanathawe. Pamsana ndinaona bwinobwino zimene sopo wanga anachita, ndipo ndinathokoza kuti masiki amabisa pakamwa. Mwendo wachiwiri ndinapatsa alamu kuti akulunge okha. Anamangitsa kwambiri, Kadona anawauza kuti amami satero, iwo anamasula n'kuyambiranso.

Titamaliza ndinamuveka chovala chogonera chimene ndinasoka Lachitatu, atachichapa ndi kuchiwiritsa. Dzanja limodzi ndinalipinda chifukwa cha dilipi. Anali mbee kuyambira m'khosi mpaka kumapazi.

"Bwera pamiyendo."

"Mukadwala?"

"Ndikadwala ndidzamwa mankhwala. Bwera."

Sanabwere. Manja anawatambasulira kumbali kuti asandikhudze. Ndiye ndinamunyamula ndekha, ngakhale nthiti zinandikumbutsa kuti zilipo, n'kumukhazika pamiyendo panga, mutu wake pachifuwa pa gawuni. Poyamba anali gwa ngati thabwa, akupuma pang'onopang'ono kuti mpweya wake usandifike. Ndinamusisita pamsana pamwamba pa mabandeji monga ndimachitira kunyumba. Patapita nthawi mapewa anagwa, kadzanja kanakwera n'kugwira khosi la gawuni, ndipo analemera. Alamu akuti chigonekereni muno anali asanagonepo tulo totero.

Sisita anayang'ana wotchi.

"Mayi, theka la ola latha kale. Ndipo mankhwala anu a 4 koloko akudikira kumtunda."

"Sisita, mukafuna kundichotsa pano bwerani ndi amuna anayi, ndipo mwanayu mumudzutse nokha."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, anayang'ana Kadona, n'kutuluka. Ndinakonzeka kuti abwera ndi dokotala wamtali. Anabwera yekha, atanyamula botolo la mankhwala anga. Analipachika pachitsulo chimene panali kale botolo la Kadona, anapukuta kuseri kwa dzanja langa ndi kathonje, n'kulumikiza chubu mosamala kuti mwana asadzuke.